Kasamalidwe ka dimba la m'mbali mwa mtsinje pa chigayo chakale cha madzi

Kwathu tikamva za chigayo timaganiza za injini ya dizilo kapena ya magetsi, fumbi la ufa ndi mzere wa matumba a chimanga. Ku England kudakali zigayo zina zoyendera madzi: mtsinje umakankha gudumu lalikulu, gudumulo limazunguza mphero zamiyala, tirigu n'kusanduka ufa. Chimodzi mwa izo ndi Winchester City Mill, chomwe chinamangidwa pamwamba penipeni pa mtsinje wa Itchen mumzinda wa Winchester. Chigayo cha pamalowa chinalembedwa kale m'kaundula wa Domesday, wolemba malo ndi chuma cha ku England, wa mu 1086. Nyumba yomwe ilipo lero inamangidwanso mu 1744, ndipo mu 1928 anthu akufuna kwabwino anaigula n'kuipereka ku National Trust, bungwe losamalira nyumba ndi malo akale, kuti isagwetsedwe. Mu 2004 chigayochi chinagayanso ufa ndi mphamvu ya madzi patatha zaka zambiri chili chete. Kuseri kwake kuli kadimba pa kachilumba, madzi uku ndi uku.

Madimba otere kawirikawiri amasamalidwa ndi anthu ongodzipereka, ena opuma pantchito, ena obwera tsiku limodzi pamlungu. Malangizo awa ndi a gulu lotero. Amene anakulira m'dimba la kumudzi adzapeza kuti luso lake ndi lofunika, koma pali chinthu chimodzi chomwe ayenera kusintha m'maganizo. Dimba la pachigayo lili ndi eni ake atatu omwe anafika kale inu musanabwere: mtsinje, chigayo ndi zamoyo za m'gombe. Chilichonse chomwe mwagwetsa pansi, kaya ndi udzu, dothi kapena feteleza, mathero ake ndi m'madzi, ndipo madziwo akupita ku gudumu kapena kwa anzanu akumunsi.

1. Yambani ndi kutsatira madzi, khasu lidikire

Tsiku loyamba musalime. Pemphani woyendetsa chigayo akuyendetseni kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, akusonyezeni njira ya madzi. Pa zigayo zambiri mupeza zinthu izi motsatizana: khoma lalifupi lopingasa mtsinje lomwe limakweza madzi, ngalande yotengera madzi ku chigayo, chitseko chokweza ndi kutsitsa chomwe chimalola madzi kulowa, zitsulo zoimikidwa ngati chipeso zotchinga zinyalala, dzenje la gudumu, ndi ngalande yotulutsira madzi kumunsi. Palinso njira ina yolambalalitsa madzi pamene chigayo chaima. Funsani kuti chitseko chikatsekulidwa madzi amakwera kapena kutsika mbali iti ya dimba, ndiponso amatenga mphindi zingati. Malo omwe m'mawa madzi ake amalekeza m'akakolo akhoza kufika m'mawondo masana chigayo chikayamba kugaya.

Jambulani mapu pa pepala lalikulu. Musadandaule za kukongola kwake. Ikanipo makoma, mitengo, mapaipi, milatho, malo a mthunzi, ndi mizere itatu ya madzi: pomwe amakhala m'chilimwe cha kumeneko, pomwe amafika chaka chilichonse m'nyengo yozizira, ndi pomwe anafika pa kusefukira kwakukulu komwe anthu akukumbukira. Ku Winchester ambiri adzakuuzani za Febuluwale 2014. Mizereyi mungaione nokha pa matope ouma a pakhoma ndi pa zinyalala zokodwa m'nthambi.

Itchen ndi mtsinje wochokera m'miyala ya choko, ndipo mitsinje yambiri ya mtundu umenewu padziko lonse ili ku England. Madzi ake amatumphuka pansi, ndi oyera mbee, ndipo pa kasupe amakhala ozizira pafupifupi madigiri 10 chaka chonse. Mtsinje wotere sudzaza lero n'kuphwa mawa monga imachitira mitsinje yathu ya m'mapiri. Mvula imayamba yalowa kaye m'choko, madzi apansi n'kumakwera pang'onopang'ono, kotero dimba likhoza kumira mvula itadutsa kale, n'kukhala chinyontho kwa milungu ingapo. Zomera zambiri za m'maluwa zimapirira kumizidwa masiku awiri kapena atatu, koma mizu ikakhala m'madzi milungu itatu imaola chifukwa chosowa mpweya. Ichi ndicho chifukwa chake mapu aja ndi ofunika kuposa mndandanda wa maluwa omwe mumawakonda.

2. Zilolezo

Gawo ili ndi lotopetsa koma musalidumphe. Ku England, ntchito yokumba, kumanga kapena kusintha gombe pamtunda wosapitirira mamita 8 kuchokera ku mtsinje womwe boma linauika m'gulu la mitsinje ikuluikulu imafuna chilolezo cha Environment Agency, bungwe la boma loona za mitsinje ndi chilengedwe, kapena kulembetsa kuti ntchitoyo ndi yaing'ono. Kupopera mankhwala ophera udzu m'madzi kapena pafupi ndi madzi kumafunanso chivomerezo cha bungwe lomweli. Itchen ndi mtsinje wotetezedwa mwapadera chifukwa cha zamoyo zake, choncho Natural England, bungwe la boma loteteza zamoyo za m'chilengedwe, nalo limakhala ndi mawu. Nyumba ya chigayo ikakhala pa mndandanda wa nyumba zakale zotetezedwa, simungakhome ngakhale mbedza ya paipi pakhoma popanda kufunsa. Munthu mmodzi m'gulu akhale wosunga mapepala onsewa, ndipo mwini malo ndiye asayine, osati odzipereka.

Lamulo la Wildlife and Countryside Act la mu 1981 limateteza zisa za mbalame zomwe zikugwiritsidwa ntchito. Chifukwa cha ichi, kudulira mipanda ya zitsamba ndi mitengo kuchitike kuyambira Seputembala mpaka Febuluwale, osati kuyambira Malichi mpaka Ogasiti.

3. Konzani gulu ndi chitetezo

Anthu 6 mpaka 8 pa tsiku la ntchito ndi okwanira dimba laling'ono. Akachuluka amapondaponda gombe n'kulisandutsa thope. Maola atatu ndi abwino, kupumira tiyi pakati. Mtsogoleri wa tsikulo alembe amene abwera, awerenge zida potuluka ndi pobwerera, ndipo asanayambe ntchito akauze woyendetsa chigayo kuti lero kuli anthu m'gombe.

Pasapezeke munthu wogwira ntchito yekha pafupi ndi madzi. Chingwe choponyera munthu wogwera m'madzi, chotalika mamita 15 kapena kuposerapo, chikhale poonekera, ndipo aliyense ayeserere kuchiponya pamtunda kamodzi pachaka. Wina akagwera, musadumphire m'madzi: kuwani, muuzeni agone chagada, m'patseni mtengo wautali kapena ponyani chingwe, wina athamange kukatseketsa chitseko cha madzi, wina aimbe 999, nambala ya ngozi kumeneko. Madzi ozizira amabanikitsa munthu m'masekondi oyambirira ngakhale akhale katswiri wosambira. Malo oopsa kwambiri ndi awiri, kutsogolo kwa zitsulo zotchinga zinyalala, pomwe madzi amakanikizira munthu ku zitsulozo, ndi kumunsi kwa khoma lopingasa mtsinje, pomwe madzi amazungulira n'kumamubweza.

Pomwe pali tirigu pali makoswe, ndipo mkodzo wa makoswe umafalitsa matenda a leptospirosis kudzera m'madzi ndi m'matope. Tizilombo take timalowera pabala, m'maso kapena m'kamwa. Matani mabala ndi pulasitala wosalowa madzi, valani magolovesi ndi majombo, sambani m'manja ndi sopo musanadye. Mukamva kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'minofu patatha mlungu umodzi kapena iwiri, pitani kwa dokotala ndipo mumuuze kuti mumagwira ntchito kumtsinje. Mawu amenewo ndi ofunika, chifukwa poyamba matendawa amaoneka ngati chimfine wamba.

Majombo ndi zida nazo zimanyamula matenda, osati a anthu okha. Mu Itchen mudakali crayfish za mtundu wa komweko, tizilombo tonga nkhanu, zomwe zimafa ndi mliri wobwera ndi crayfish zochokera ku America. Mliriwu umayenda pa jombo lonyowa. Mukachoka ku mtsinje wina, chotsani matope onse, viikani majombo ndi zida m'madzi otentha madigiri 45 kwa mphindi 15, kenako ziumitseni kwa maola 48.

4. Gawani dimba m'malamba atatu

Apa ndiye pagona luso lonse, ndipo magulu ambiri amalakwitsa chifukwa chofuna kuti dimba lioneke losesedwa mpaka m'madzi.

Lamba woyamba ndi gombe lenilenilo, mamita awiri kuchokera m'madzi, kapena kuposerapo ngati malo alipo. Pano sipalimidwa, sipathiridwa manyowa, sipatchetchedwa mwachisawawa. Mizu ya udzu ndi zitsamba za pano ndi yomwe yagwira dothi, ndipo masamba ake amasefa matope ochokera m'dimba. Musanakhudze chilichonse, gwadani muyang'ane. Mukaona mauna otambalala masentimita 4 mpaka 8 pafupi ndi madzi, timilu ta mapesi odulidwa mopendekera ngati ndi mpeni, ndi timanyi tobulungira kunsonga konse, dziwani kuti pali water vole, kanyama konga mbewa yonenepa ya mphuno yobuntha. Ambiri amakasokoneza ndi khoswe n'kufuna kukapha, chonsecho n'kotetezedwa ndi lamulo, mauna ake omwe. Khoswe ali ndi mphuno yosongoka, makutu oonekera ndi mchira wautali wopanda ubweya. Pamiyala mungaonenso ndowe zakuda zokhala ndi minga ndi mamba a nsomba. Ameneyo ndi katumbu. Ku Winchester City Mill akatumbu amadutsa pansi pa chigayo usiku ndipo makamera amawajambula. Njira yawo isatsekedwe ndi waya kapena mulu wa nthambi.

Lamba ameneyu amatchetchedwa kamodzi pachaka, mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo osati yense: theka chaka chino, theka linalo chaka chamawa. Siyani udzu wotalika masentimita 10 mpaka 15. Chikwakwa chimaposa makina otchetchera a chingwe chifukwa makinawo amamwaza tizidutswa m'madzi. Imani chofulatira dimba kuti muone madzi, kokerani zotchetchazo kumtunda, zisiyeni tsiku limodzi kuti tizilombo titulukemo, mawa lake muzichotse. Alendo ena adzadandaula kuti gombe laoneka ngati tchire. Kachikwangwani kofotokoza chifukwa chake kamathetsa madandaulo ambiri, ndipo kanjira kamodzi kotchetchedwa bwino m'mbali mwa tchirelo kamasonyeza kuti lasiyidwa dala.

Pomwe gombe lili ndi zipazi, dzalani zomera za komweko zokonda madzi. Kumunsi kwenikweni, pomwe mizu imakhala m'thope, ikani yellow flag iris motalikirana masentimita 50, ndi marsh marigold motalikirana masentimita 30. Chakumtunda pang'ono ikani purple loosestrife, meadowsweet ndi hemp agrimony. Mbande za m'timiphika ting'onoting'ono zimafunika 5 kapena 6 pa sikweya mita imodzi. Mukadzala motalikirana kwambiri, udzu woipa umalowa m'mipata musanatembenuke. Water mint imanunkhira bwino ndipo njuchi zimaikonda, koma imayanga msanga, choncho ipatseni ngodya yakeyake. Nthawi yabwino yowokera ndi Epulo ndi Meyi, madzi atayamba kutsika, kuti mizu igwire nyengo yozizira isanafike. Zowokedwa mu Okutobala nthawi zambiri zimazulidwa ndi madzi zisanamere mizu. Gulani mbande kwa ogulitsa odziwika, ndipo musakumbe kumtsinje wina kapena kulandira zochokera m'dziwe la mnzanu, chifukwa m'dothi lomwelo mumabisala tizidutswa ta zomera zowononga.

Lamba wachiwiri ndi malo omwe amamira zaka zina. Pano payenera kapinga, ferns m'mithunzi, comfrey, ragged robin, ndi zitsamba zopirira chinyezi monga dogwood ndi guelder rose. Musaphimbire nthaka ya pano ndi makungwa a mitengo ogayidwa. Amayandama. Madzi akangokwera usiku umodzi, makungwa onse mudzawapeza atatseka zitsulo za chigayo chanu kapena za wina kumunsi. Dzalani mothithikana kuti masamba okha aphimbe nthaka. Mabenchi amangiriridwe pansi, ndipo miphika ya maluwa ndi tizikwangwani ta pulasitiki zichotsedwe mu Novembala.

Lamba wachitatu ndi wapamwamba pa mzere wa kusefukira. Kuno ndiye kwa maluwa ofuna nthaka youma, zonunkhiritsa ndiwo monga thyme ndi sage, mitengo ya maapulo, ndi kabedi kosonyezera alendo momwe tirigu amamerera, chinthu chomwe ana ambiri obwera kudzaona ufa sanachionepo. Ngati malo okwera palibe, mangani mabedi a matabwa otalika masentimita 30 mpaka 45. Musagwiritse ntchito matabwa akale a njanji, popeza phula lomwe anawapaka limatsikira m'nthaka ndi m'madzi. Nthaka ya m'dera la choko ili ndi layimu wambiri, motero rhododendron, azalea ndi camellia zimachita chikasu masamba n'kufota. Wina akabweretsa zotere ngati mphatso, muthokozeni koma zikhale mumphika.

5. Gombe likayamba kugumuka

Musathamangire kuthira zidutswa za njerwa kapena konkire. Zolimba zimabweza mphamvu ya madzi, ndipo madziwo amakadya gombe lotsatira. Yambani mwapeza chomwe chikugumula. Mwina ndi madzi othamanga otuluka m'ngalande ya chigayo, mwina ndi agalu ndi ana otsikira pamalo amodzi, mwina ndi abakha odyetsedwa buledi omwe amapondaponda ndi kudya zomera, mwinanso ndi mthunzi wa mtengo womwe wapha udzu. Vuto la mapazi limatha ndi kampanda kakafupi. Vuto la mthunzi limatha podulira nthambi m'nyengo yozizira.

Ngati ndi madzi enieni, njira yomwe yathandiza kuyambira kale ndi kuluka msondodzi wamoyo, monga momwe timalukira nkhokwe. Imachitika kuyambira Novembala mpaka Malichi, mitengo itayoyola masamba. Vuto ndi lakuti miyezi yomweyi nsomba za trout ndi salmon zimaikira mazira m'timiyala ta pansi pa mtsinje, ndipo matope akakwirira timiyalato mazira amafa. Choncho masiku ogwirira ntchitoyi muwatenge pa chilolezo chanu, ndipo gwirirani ntchito muli pamtunda, osapondaponda m'madzi.

Dulani zikhomo za msondodzi wauwisi zonenepa masentimita 6 mpaka 10, zotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Songolani mbali ya kutsinde, osati ya kunsonga. Chikhomo chozondoka sichiphuka bwino, ndipo kulakwitsa uku kumachitika kawirikawiri mitengo ikasakanikirana pamulu, choncho songolani pomwe mwadulira pomwepo. Khomani zikhomozo m'munsi mwa gombe motalikirana masentimita 50, magawo awiri mwa atatu alowe pansi. Menyani ndi nyundo yamtengo, ndipo mutu ukaphwanyika muudule ndi sowo. Tengani nthambi zowongoka za msondodzi wa mtundu wa osier, zonenepa ngati chala chachikulu ndi zotalika mamita awiri kapena atatu, muziluke mozungulira zikhomo, iyi kutsogolo iyi kumbuyo, matsinde ake akuloza kumtunda kwa mtsinje ndi kulowa m'dothi. Mzere uliwonse muupondereze ndi jombo kuti pasakhale mipata. Mpandawo usatalike kuposa mita imodzi. Gombe likakhala lalitali, pangani masitepe awiri.

Zinthu zitatu ndi zomwe zimaphetsa ntchitoyi. Choyamba ndi kusiya mpata kuseri kwa mpanda: thirani dothi ndi kulitsindira kuti likhudze nthambi, apo ayi nthambizo zimauma osamera mizu. Chachiwiri ndi kusiya nsonga za mpanda pamtetete: nsonga zonse ziwiri, makamaka ya kumtunda, zikwiriridwe m'gombe lolimba, chifukwa madzi akapeza polowera kuseri amanyamula mpanda wonse. Chachitatu ndi mthunzi, pakuti msondodzi umafuna dzuwa. Pamthunzi gwiritsani ntchito mitolo ya nthambi zouma za mtengo wa hazel yokhomeredwa ndi zikhomo, yomwe imakola matope mpaka zomera zina zitagwira. Nthambi zodulidwa zisagone padzuwa. Ngati simuziluka tsiku lomwelo, viikani matsinde ake m'madzi. Mpanda ukaphuka uyenera kudulidwa chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri, apo ayi usanduka mzere wa mitengo yolemera yomwe idzagwere mumtsinje. Ndipo msondodzi usadzalidwe pafupi ndi makoma a chigayo, a ngalande kapena mapaipi, chifukwa mizu yake imalondola madzi m'ming'alu iliyonse.

6. Zomera zowononga ndi zapoizoni

Himalayan balsam inafika ku Britain mu 1839 ngati duwa lokongoletsa. Imatalika kuposa munthu, maluwa ake ndi apinki, ndipo chomera chimodzi chimabala njere zofika 800 zomwe zimathetheka kuchoka m'makoko n'kugwa kutali mpaka mamita 7. Imaphimba zomera zina zonse, kenako imafa m'nyengo yozizira n'kusiya gombe lambulanda nthawi yomwe madzi ali ndi mphamvu. Mwayi wake ngwakuti mizu yake ndi yosazama. Zulani ndi manja mu Meyi ndi Juni makoko asanapangike, thyolani tsinde pansi pa mfundo yoyamba kuti lisaphukenso, unjikani pamalo ouma kutali ndi madzi. Bwererani pakatha milungu itatu kudzazula zotsalira. Mukachedwa mpaka makoko atakhwima, kuzula kumangofesa. Pakufunika zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, ndipo ngati anzanu akumtunda sakuzula, njere zizibwerabe ndi madzi, choncho kambiranani nawo tsiku limodzi lozulira pamodzi kuyambira kumtunda.

Japanese knotweed ndi nkhani ina. Mapesi ake amafanana ndi nsungwi zazing'ono za mawanga ofiirira. Kachidutswa ka muzu wake kochepa ngati chikhadabo kamamera. Musatchetche, musakumbe, musaike pa kompositi. Zingani malowo ndi chingwe ndipo mwini malo aitane akatswiri. Chimodzimodzi giant hogweed, chomera chachitali cha maluwa oyera otambasuka ngati ambulera: utomoni wake ukakhudza khungu kenako n'kuombedwa ndi dzuwa, pamatuluka matuza ngati wapsa ndi moto. Wokhudzidwa asambe ndi sopo nthawi yomweyo ndipo aphimbe khungulo kwa masiku awiri.

Hemlock water dropwort ndi ya komweko ndipo ili ndi malo ake m'gombe, koma aliyense m'gulu ayenera kuidziwa. Masamba ake amafanana ndi selari, mizu yake ndi yoyera yonenepa ngati zala, ndipo ndi poizoni wakupha anthu, agalu ndi ng'ombe. Ife amene tinazolowera kutchola ndiwo za m'tchire tisalawe chilichonse cha m'gombe la kumeneko.

7. Zinyalala, manyowa ndi kuthirira

Amene akudziwa momwe namasupuni ndi zinyalala zimatsekera makina opangira magetsi pa Nkula mumtsinje wa Shire amvetsa msanga chifukwa chake woyendetsa chigayo amakwiya akaona udzu ukuyandama. Zitsulo zikatsekeka, madzi amakwera kumtunda, gudumu limafooka, ndipo munthu amayenera kukakokola zinyalalazo pamalo oopsa aja. Udzu wovunda m'madzi umamalizanso mpweya womwe nsomba zimapuma. Potchetcha kapinga, gwiritsani ntchito makina okhala ndi thumba, ndipo podulira nthambi yalani lona pansi.

Mulu wa kompositi ukhale mamita 10 kapena kuposerapo kuchokera m'madzi, pamwamba pa mzere wa kusefukira. Pa kachilumba malo otere mwina sangapezeke. Zikatero tulutsani zinyalala ndi wilibala kapena m'matumba tsiku lomwelo. Mangani zipinda zitatu za mita imodzi mbali zonse: chodzaza, chovunda ndi chogwiritsa ntchito. Sakanizani zobiriwira ndi zouma mofanana, tembenuzani kamodzi pamwezi. Zosesa za m'chigayo, monga gaga ndi ufa wotayika, musaziunjike pa kompositi, chifukwa kumeneko n'kuitana makoswe. Kompositi wopsa athiridwe mu lamba wachitatu yekha, wochindikala masentimita 5, mu Epulo.

Feteleza wa m'sitolo alibe malo m'dimba lotere. Mchere wake ukalowa mumtsinje woyera umameretsa ndere zomwe zimakwirira timiyala ndi kupha water crowfoot, chomera cha maluwa oyera chomwe chimasunga tizilombo todyedwa ndi nsomba. Mankhwala a nkhono okhala ndi metaldehyde analetsedwa ku Britain kuyambira mu 2022. Akapezeka m'shedi yakale, apititseni komwe khonsolo imalandira mankhwala oopsa. Nkhono zitoleni ndi manja madzulo, zina achule ndi mbalame zidzakuthandizani.

Lamulo limalola kutunga madzi osapitirira malita 20,000 patsiku popanda laisensi ngati muli ndi ufulu wofika pamtsinjewo, koma dimba laling'ono silifuna ngakhale gawo laling'ono la amenewo. Mgolo wa malita 200 wolandira madzi a padenga la shedi umathandiza kwambiri. Thirirani zowokedwa chaka chino zokha, malita 10 pa sikweya mita kamodzi kapena kawiri pamlungu kukauma. Kuthirira pang'onopang'ono tsiku lililonse kumasunga mizu pamwamba. Ngati mukutunga mumtsinje, sankhani malo amodzi olimba otungira, ndipo keni yomwe inakhalapo ndi mankhwala isaviikidwe m'madzi.

8. Makoma

Njerwa zakale zinamangidwa ndi layimu, yemwe ndi wofewa ndipo amalola khoma kupuma. Njere za mitengo ya buddleia, ash ndi sycamore zimamera m'mipata yake. Zikakhala zazing'ono ngati chala, zulani ndi manja. Zikakula musakoke, mungatulutse njerwa. Dulani ndipo dziwitsani woyang'anira nyumba. Ziyangoyango za ivy musazisende mwamphamvu, ndipo musazidule patsinde musanafunse, chifukwa nthawi zina zodulidwa zimalowetsa mizu m'khoma pofuna madzi. Musamate ming'alu ndi simenti, imatsekera chinyezi m'kati njerwa n'kuyamba kufumbutuka. Dothi la mabedi lisatsamire khoma la chigayo. M'mabowo a makoma a m'mbali mwa madzi mumaswera timbalame ta grey wagtail, ndipo mileme, yomwe ndi yotetezedwa ndi lamulo, imagona m'ming'alu, choncho bowo lililonse liyang'anidwe lisanatsekedwe.

9. Madzi akasefukira n'kuphwa

Musalowe m'dimba tsiku lomwe madzi aphwa. Gombe lonyowa limaoneka lolimba pamwamba pomwe pansi lakumbika. Anthu awiri ayambe ayendera malo onse ndi ndodo, akuyang'ana ming'alu m'gombe, mitengo yopendekera, matabwa a mlatho omasuka ndi mizu yoyera ija ya hemlock water dropwort yomwe madzi amaifukula n'kuisiya pa kapinga. Itoleni ndi magolovesi alendo ndi agalu asanalowe. Mukaona mafuta, nsomba zakufa kapena zonyansa za m'zimbudzi, imbirani Environment Agency pa 0800 80 70 60.

Madzi osefukira m'tauni amasakanikirana ndi za m'masuweji, choncho ndiwo zamasamba ndi zipatso zomwe amiza zitayidwe. Tolani mapulasitiki ndi nthambi, tsukani mabenchi ndi njira zoterera. Matope ochepa pa kapinga asiyeni aume kenako muwabalalitse ndi leki. Akachindikala kuposa masentimita awiri kapena atatu, apaleni ndi fosholo n'kuwatengera kumtunda, osawabwezera mumtsinje. Nthaka musaiponde kapena kuilima mpaka itafika poti mukaifumbata n'kuigwetsa imamwazika. Ngati n'kofunika kudutsa, yalani matabwa. Ikauma, boolani ndi foloko yolimira mozama masentimita 10 mpaka 15 kuti mpweya ulowe.

Zitsamba zooneka ngati zafa musazizule msanga. Kandani khungwa ndi chikhadabo: m'kati mukakhala mobiriwira, chidakali moyo, chidikireni mpaka Juni. Zomwe zafadi musabwezerepo mtundu womwewo pamalo omwewo; onani pa mapu kuti malowo tsopano ali mu lamba uti, mudzalepo za lamba ameneyo. Madzi asanafufutike pakhoma, yezani pomwe anafika kuchokera pa chizindikiro chosasuntha, monga mwala wa pakhomo la chigayo, ndipo lembani m'buku la gulu masentimita ake, tsiku lake ndi masiku omwe dimba linakhala m'madzi.